Maenje Anayi Otsala

Kubwalo la gofu kuja aliyense ankawatcha a Mfuko, ndipo iwo ankavomera osanyinyirika, poti ntchito yawo inalidi yokumba maenje. Anakumba zaka makumi atatu ndi zinayi. Musaganize za maenje a zinyalala ayi. Awa ndi timaenje tongolowa chibakera, tilipo 18, timene anthu a ndalama zawo amayendera tsiku lonse padzuwa kuti agwetseremo kampira koyera, kenaka n'kuwerama kukatolanso. Ambiri a iwo amayesa dzenje limakhala pamodzimodzi ngati chitsime. Sadziwa kuti katatu pa sabata, iwo akadali m'bulangete, pamakhala munthu wolisamutsa kuti kapinga asafe ndi mapazi awo.

Munthuyo anali a Mfuko. Analowa ntchito ali ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akutchetcha udzu m'mphepete mwa mpanda, ndipo mkulu amene ankakumba maenje nthawi imeneyo anawasankha chifukwa choti sankalankhula kwambiri. Kuyambira pamenepo ankafika mame asanaume, atanyamula paphewa chitsulo chobowolera, chonga paipi yonenepa yokhala ndi zogwirira ziwiri. Akafika pa girini, kabwalo kosalala kaja komwe pamakhala dzenje ndi mbendera, ankayamba avula jombo. Ankati maso amanama koma chidendene sichinama. Ankayenda uku ndi uku kumvetsera komwe nthaka yapendekera, kenaka n'kutulutsa m'thumba la ovolosi kampira kakale, kachikasu ndi ukalamba, n'kukagubuduza ndi dzanja. Akakhutira ankazika chitsulo, kupotokola, n'kuzula dothi lozungulira ndi kapinga wake pamwamba. Dothi limenelo ankakatsekera dzenje la dzana, atagwada, kulisalaza ndi chala chachikulu m'mphepete monse, n'kuthirapo madzi a m'kabotolo.

"Kukumba ngakhale nkhuku imatha," ankatero. "Ntchito ndi kutseka."

Anali ndi kankhanza kawo kobisika. Pa maenje onse aja, ena ankawaika posavuta, ena pakatikati, koma angapo ankawaika pamalo poti kampira kakangophonya pang'ono kamatsetsereka mpaka kumchenga. Akamva bwana wina wamimba akukalipira mbendera, iwo ankangoweramira pa wilibala yawo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

Bwalolo ndi lokongola, palibe angatsutse. Alendo amachokera kutali kudzangoona dzenje la nambala 14, lomwe lili pamwamba pa chitunda. Ukaima pamenepo umaona chigwa chonse pansi, mtsinje ukunyezimira pakati pa minda, ndi mapiri kutsidya. A Mfuko anajambulapo alendo osawerengeka ndi mafoni a eni ake, ndipo anapemphedwa kambirimbiri kuti asunthe pang'ono ndi wilibala yawoyo, akuwononga chithunzi. Koma mukanawafunsa kuti mapiriwo ndi angati, akanayamba aganiza. Pa 14 iwo ankagwira ntchito msangamsanga, maso ali pansi, n'kuchokapo.

Chifukwa chake chinali kunyumba. Akazi awo ndi telala, amasokera pakhonde. Oyandikana nawo ankalisirira banjali, poti sanamvepo mbale ikusweka kapena mawu akukwera. Madzi osamba a Mfuko ankawapeza ofunda, ovolosi yochapa, mabatani onse alipo. Koma bata lina ndi matenda. Kale mayiwo ankaitana amuna awo kuti "bambo a Kachiwala", potengera mwana wawo woyamba, kamtsikana kosakhazikika komwe kankayenda modumphadumpha. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri tsopano, ankangoti "inu".

Kachiwala anadwala malungo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anagonekedwa m'chipatala masiku atatu, ndipo tsiku lachitatulo anaoneka ngati akupeza bwino, mpaka anapempha nthochi. Mawa lake kunali mpikisano waukulu wa pachaka, ndiye a Mfuko analawirira kuntchito. Anali atagwada pa 14, atangomaliza kubowola, pamene anaona mlamu wawo akupalasa njinga pakati penipeni pa kapinga, chinthu chimene munthu sachita pabwalo la gofu pokhapokha kutavuta.

"Alamu, tiyeni! Mwana uja zasintha."

A Mfuko anayang'ana mlamuyo, n'kuyang'ana chitsulo chili m'manja. Anali atatsala maenje anayi, ndipo osewera oyamba anali pafupi kufika.

"Tsogolani, ndikupezani pompano."

Anamalizadi anayiwo. Anawakumba mothamanga koma anawakumba bwino, akalewo anawatsekanso bwinobwino, poti manja awo sankadziwa kugwira ntchito mwanjira ina. Sanali munthu wouma mtima. Anachita mantha, ndipo manthawo anawathawitsira ku chinthu chokhacho chimene ankachidziwa. Zinawatengera mphindi makumi anayi. Atafika kuchipatala anapeza akazi awo atakhala pansi m'khonde, nsapato za mwana zili pamiyendo. Mayiwo sanakuwe, sanawatukwane. Anangokweza maso n'kufunsa kuti, "Mwamaliza maenje anu?"

Funso limenelo a Mfuko sanaliyankhe tsiku limenelo, ndipo sanaliyankhe chaka chotsatira. Ana ena awiri anabadwa, anakula, anachoka kukayamba makomo awo. Nkhani ya gofu siinkalowa m'nyumbamo. Mayi akafuna kutchula bwalolo ankati "kwa mkazi mnzanga", ndipo ankanena osaseka.

Ndiye kalata yopuma pantchito itabwera, anzawo anawagwira chanza n'kumawauza kuti mwayi, koma iwo mtima sunakhale m'malo. Ntchito ndi imene inali pobisalira pawo. Tsopano ankayenera kukhala pakhonde lija kuyambira m'mawa mpaka madzulo, iwo uku, mashini osokera uko, pakati pawo pali "inu". Ankadziwa kuti akapanda kulankhula tsopano, adzakalamba limodzi ngati alendo awiri odikira basi imodzi.

Pakalabu ya gofupo wantchito akamapuma amapatsidwa Lolemba limodzi, tsiku limene bwalo limakhala lotseka, kuti asewere maenje onse ndi mlendo mmodzi wa kumtima kwake. Ambiri amangochita zachibwana. Wophika wina anamenya maenje awiri okha n'kubwerera kukakhala pamthunzi, akuti amisala si a kuchipatala okha. Koma a Mfuko anazitenga ngati ukwati. Anayamba kukonzekera kutatsala miyezi itatu. Ndodo anazitola m'kachipinda ka katundu woiwalika, zisanu, iliyonse ya mtundu wake, imodzi n'kukhala ya amanzere. Timipira anativuula m'damu la pa 7. Kumbuyo kwa kalendala yakale anajambula bwalo lonse, n'kulemba pomenyera, popumira, pomwera madzi, ngakhale ola limene mthunzi umafika pa benchi ya pa 9. Akaweruka ankabisala kuseri kwa shedi ya thirakitala kuyeseza kumenya, mpaka mphunzitsi wa gofu anawapezerera n'kuwamvera chisoni.

"Madala, chinsinsi n'chimodzi," anatero mphunzitsiyo. "Mutu uzikhala pansi. Osadzutsa mutu."

"Basi zomwezo?" anatero a Mfuko. "Ndiye kuti ine ndine katswiri kalekale."

Chovuta chinali mlendo. Ankadziwa amene ankamufuna, koma pakamwa pankalemera. Anazengereza mpaka Loweruka lomaliza, atakumba maenje awo otsiriza n'kupereka makiyi a shedi. Atafika kunyumba anakhala pa mpando wa makasitomala n'kumaseweretsa chipewa.

"Mwabwera kudzayezetsa?" anafunsa mayi, osasiya kuponda mashini.

"Ayi. Kungoti Lolemba andipatsa bwalo lonse. Akuti ndibwere ndi munthu."

"Tengani alamu anu. Njira akuidziwa."

Mawuwo anawalasa, koma anameza.

"Ine ndimafuna inuyo."

Mashini anaima. Mayi anadula ulusi ndi mano, n'kuyang'ana msoko nthawi yaitali ngati walakwika.

"Ndikatani ine kwa mkazi mnzanga?"

"Mukangoona basi."

Mashini anayambanso kulira, ndipo a Mfuko anataya mtima. Koma Lolemba m'mawa anapeza pampando pali thalauza yoyera, yosokedwa kumene, yosita, ndipo mayi ataima pakhomo atavala diresi ya kutchalitchi, ambulera ili m'manja.

"Musaganize zambiri," anatero mayiwo. "Ndikufuna ndikangomuona nkhope ndisanafe."

Kunja kunacha bwino, kamphepo kakuwomba, bwalo lonse lili zii, muli anthu awiri okha ndi mbalame. Pa dzenje loyamba a Mfuko anaimika kampira, anakumbukira zonse za mphunzitsi, mutu pansi, n'kuzunguza ndodo ndi mphamvu zawo zonse. Kampira kanatsala pomwepo. Chimene chinauluka ndi chibuma cha kapinga chachikulu ngati chikhatho. Munthu wamkulu anataya ndodo, n'kuthamangira chibumacho, kuchinyamula ndi manja awiri, kugwada ndi thalauza yoyera ija, n'kuchibwezera pamalo pake akunong'ona kuti, "Pepa, pepa." Kumbuyo kwawo kunamveka phokoso limene anali ataliiwala. Mayi anali akuseka, atagwira pakamwa.

"Inu, thalauzayo ndasoka ndi manja angawa! Taonani mawondowo!"

Dongosolo la pakalendala linathera pomwepo. Kampira kankapita komwe kafuna, kutchire, kumchenga, kawiri konse m'damu momwe kanachokera. Paliponse a Mfuko ankachedwa, poti sakanatha kudutsa udzu wachilendo osauzula, kapena kuchoka mumchenga osafafaniza mapazi awo ndi a mayi omwe. Koma kampira kakangofika pa girini, munthu ankasintha. Ankavula nsapato, kuyang'ana kamodzi, n'kukankha pang'ono, ndipo kampira kankayenda mokhota ngati kakudziwa kwawo, n'kukagwera m'dzenje. Pa 3 mayi anayesako. Amuna awo anawalozera kuti amenye cha kumanzere kwa mbendera, iwo anati zimenezo n'zopusa koma anamenyabe, ndipo katalowa anakuwa ngati mtsikana wa sukulu.

Ndi pomwepo pamene mayi, powerama kuti atole kampira, anayamba kupapasa kapinga.

"Zigambazi amasoka ndani?"

"Zigamba ziti?"

"Zozungulirazi. Ichi, icho, china icho."

A Mfuko anadabwa. Mabwana ayenda pamenepo zaka zonsezi osaona kanthu. Anawafotokozera za maenje akale ndi mmene amawatsekera. Mayi anayendetsa chala m'mphepete mwa chigamba chimodzi, mmene amachitira akamayesa ntchito ya telala mnzawo kuti aipezere chifukwa.

"Msoko wake ndi wabwino," anatero potsiriza, monyinyirika.

A Mfuko analandirapo masatifiketi awiri ndi wotchi ya pakhoma kuchokera kukalabu, koma palibe chinawakomera ngati mawu amenewo. Kuyambira pamenepo mayi anapeza masewera awoawo. Pa girini iliyonse ankasakasaka zigamba, zatsopano ndi zakale zongotsala kamzere, n'kumaziwerenga mokweza. Pa 9 anakhala pa benchi, mthunzi utapita kale poti anali atachedwa ndi ola lathunthu, n'kugawana tiyi wa m'fulasiki ndi buledi pansi pa ambulera imodzi.

Pokwera chitunda cha 14, a Mfuko nthabwala zinawathera. Mayi anafika pamwamba akupuma wefuwefu, anatsamira ambulera, n'kuyang'ana kuchigwa nthawi yaitali.

"Ndisaname, mkazi mnzangayu ndi wokongola," anatero. "Tadzutsani mutuwo, inu. Taonani mapiriwo."

A Mfuko anadzutsa mutu. Mapiri analipo atatu, lapakatilo litavala kamtambo kumutu. Mtsinje unali kunyezimira monga mmene alendo ankanenera. Ndipo kumunsi, komwe msewu umakhotera polowa m'tauni, kunali denga lofiira la chipatala. Ankadziwa kuti lilipo, n'chifukwa chake sankayang'anako. Anabwezanso maso pansi.

Mayi anali atayamba kale kuwerenga zigamba zawo. Anafika pa khumi ndi zitatu, kenaka anaima. Cha kumbuyo kwa girini, pamalo posalala kuposa ponse, panali dera lokula ngati tebulo lopanda chigamba ngakhale chimodzi. Kapinga wake anali wothithikana, wobiriwira mosiyana ndi mnzake.

"Nanga apa bwanji? Nsalu yatsopano pakati pa sanza."

"Pali mwala pansi. Chitsulo sichilowa."

Limeneli ndi yankho lomwe anapatsa mamanijala anayi otsatizana, ndipo onse analikhulupirira, poti manijala sagwada. Mayi anawayang'ana amuna awo, kenaka anazika nsonga ya ambulera pakati pa deralo. Inalowa mosavuta mpaka yonse.

"Inu, mukamanama khutu lakumanzere limagwedera. Munayamba tili pachibwenzi."

A Mfuko anaika ndodo pansi. Miyezi itatu yonse ija anakonza pomenyera ndi popumira, koma mawu a pamalo amenewa sanawakonze.

"Ndinali pano," anatero. "Alamu anandipeza nditagwada pamenepa. Dzenje la tsiku limenelo ndinalitseka nditabwerako kumaliro, ndipo sindinabowolepo mpaka lero. Ndimangothirira ndi kuzulira."

Mayi anazula ambulera ija, ndipo a Mfuko anapitiriza.

"Munandifunsa funso kuchipatala kuja. Ndinamaliza, mayi. Onse anayi ndinamaliza, ndipo ndinalakwa. Palibe m'mawa umene ndinakwera chitunda chino osadziwa kuti ndinalakwa."

Anali asanalirepo pamaso pa akazi awo, ngakhale kumanda. Analira ataimirira, manja ali lende, chipewa chili kumutu, ngati munthu amene sadziwa kuti polira amatani.

Mayi anagwada movutikira, mawondo akulira. Anatseka ndi chala chachikulu kabowo kamene anasiya ndi ambulera, kusalaza m'mphepete monse mmene anaonera amuna awo akuchitira. Atatero anavula nsapato n'kukhala pansi pomwepo, diresi ya kutchalitchi ili pa kapinga.

"Ine ndinkati munaiwala," anatero. "Mukamadzuka m'mawa n'kumapita osacheuka, ndinkati munthuyu kwake zinatha. Ine kumalira ndekha kuseri kwa mashini, inu kumalira nokha kuno. Zaka makumi awiri ndi ziwiri. Anthu akuluakulu awiri, opusa chonchi."

A Mfuko anakhala pansi pambali pawo.

"Mwana uja anafunsa za inu, mukudziwa," anapitiriza mayi, akuyang'ana kuchigwa. "Ndinamuuza kuti muli panjira. Ndiye anati, chabwino, ndigoneko pang'ono, akabwera mundidzutse. Sanakwiye nanu. Amene ndinakwiya ndine."

Anakhala pamenepo mpaka chithunzithunzi cha mbendera chinatalika. Analankhula za nthochi ija, za nsapato zimene mwanayo ankangozitaya podumpha, za mmene akanakhalira mayi wa ana pofika lero. Zinali nkhani zopweteka, koma zinali zokoma kuzinena pawiri. Mayi anafunsa amuna awo ngati wolowa m'malo mwawo pantchito anamuuza za mwala uja. A Mfuko anati anamuuza, koma ameneyo ndi munthu wogwada, sipatha mwezi asanabowolepo.

"Abowole," anatero mayi. "Ndi malo abwino."

Anadzuka, kusasa diresi, n'kuyang'ana kumunsi komwe mbendera ya pa 15 inali kukupiza. Kupitirira apo kunali ina, ndi ina, mpaka yomaliza pafupi ndi nyumba ya kalabu.

"Atsala anayi, bambo a Kachiwala. Dzuwa likadalipo, mukhoza kumaliza."

A Mfuko anamva dzinalo likuwalowa mpaka m'mafupa. Anayang'ana maenje anayiwo, amene anawakumba okha Loweruka, n'kuwaika pamalo abwino kwambiri poganizira za tsiku limeneli. Lolemba lina ngati ili sadzapatsidwanso. Anapinda kalendala ija n'kuiika m'thumba, anabwezera ndodo m'chikwama, n'kutola ambulera ya akazi awo.

"Atsale," anatero. "Tiyeni kunyumba."